Nyemba Zokana Kufa

A Umboni anayala galafu yanga pa tebulo la mu labu n'kuipanikiza ndi chala ngati ingathawe.

"Tandiuza, nyemba ya m'chitini nambala 17 inadya chiyani Lachiwiri lija?"

Dzina loti a Umboni tinawapatsa ndife a kalasi yomaliza. Anali aphunzitsi athu a bayoloje, mayi wamfupi wa magalasi ochindikala, ndipo ukayankha funso m'kalasi mwawo, ngakhale lophweka bwanji, chotsatira chinali chimodzi: "Umboni uli kuti?" Mnyamata wina atachedwa n'kunamizira mvula, anamubweza kuti akatenge tsamba lonyowa.

Tsiku limenelo linali Lolemba, ndipo anandiitana anzanga onse atatuluka. Mu labu munangotsala fungo la sipiriti ndi mpopi wina wosatsekeka umene unkadonthera mu sinki.

"Lachiwiri madzulo masentimita anayi. Lachitatu madzulo khumi ndi limodzi. Walemba ndiwe. Masentimita asanu ndi awiri tsiku limodzi, m'madzi amchere oti ngakhale lilime lako silingapirire. Ndi nyemba imeneyi kapena nsungwi?"

"Ndinalemba zomwe rula inandionetsa, madamu."

"Rula sinama. Amanama ndi woigwira."

Kafukufuku wanga anali wosavuta kumva. Funso linali loti mchere umatani ndi kukula kwa nyemba. Ndinali ndi zitini makumi awiri, mizere isanu ya zitini zinayi zinayi, zonse za mchenga wosefa wochokera pamulu umodzi. Mzere woyamba ndinkauthirira madzi okhaokha, kuti ukhale woyerekezera. Mizere inayo madzi ake anali ndi mchere woyezedwa pa sikelo ya mu labu: magalamu asanu pa lita, khumi, khumi ndi asanu, mpaka makumi awiri. Lamulo la a Umboni tinkaliimba ngati nyimbo: chisinthe chinthu chimodzi chokha, zina zonse zifanane. Mu labu munali mawindo atatu ndipo ife tinalipo makumi asanu ndi limodzi, choncho aliyense ankasungira mbewu zake kwawo. Zanga zinali pakhonde. Madzulo alionse kwa masabata atatu ndinkagwada ndi rula, n'kulemba m'kope.

Buku linkanena kuti mzere wa pa galafu uyenera kutsetsereka, mchere ukamachuluka msinkhu n'kumachepa. Wanga unayamba bwino kutsetsereka sabata yoyamba, kenako unayamba kudumphadumpha ngati mano a sowo. Nyemba yomwe dzulo inali itazyolika, yachikasu, lero ndinkaipeza ili chilili, masamba ali biriwiri. Ndinkadabwa, inde, sindine chitsiru. Koma ndinkaganiza kuti mwina ndatulukira chinthu chomwe olemba buku sanachione, mpaka ndinalemba kumapeto ndi mtima wonse kuti nyemba zimazolowera mchere.

Mnzanga wokhala naye desiki anandilangiza ataona manambalawo. "Azakhali, takonzani izi zifanane ndi buku. Mukufuna kutchuka?" Iyeyo mbewu zake zinadyedwa ndi makoswe tsiku lachitatu, manambala onse anawapeka ali m'basi, ndipo galafu yake inatuluka yowongoka bwino. Anapeza malikisi apamwamba. Ine ndinakana kusintha ngakhale kadontho kamodzi, ndipo ndi ine amene ndinkatchedwa wabodza.

"Lamulo ukulidziwa," anatero a Umboni akuvula magalasi. "Wopeka manambala dzina lake sililowa m'ndandanda wa olemba mayeso omaliza. Lachitatu m'mawa ubwere ndi chifukwa chomveka. Ukapanda kutero ndikaipereka nkhaniyi kwa ahedi."

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri pakati pa ana omwe ankanditchula kuti Azakhali chifukwa cha ukulu. Ndinasiya sukulu zaka zitatu ndikudwazika amayi mpaka tinawaika m'manda, ndipo sukulu inandilandiranso mochita kupempha. Ahedi ananeneratu kuti chaka chamawa msinkhu wanga sudzalolanso. Kwa anzangawo kuphonya mayeso kunali kubwereza kalasi. Kwa ine kunali kutsekeredwa kunja mpaka kalekale.

Njira yonse yobwerera kunyumba ndinkalankhula ndekha ngati wamisala. Ndinawerenga rula mozondoka kodi? Ndinasokoneza mabotolo? Ndinafika osapeza yankho.

Kwathu kunali m'mbali mwa msewu, ndipo bwalo lonse linali nazale ya ababa. Mizere ya machubu akuda inkayambira pampanda mpaka pafupi ndi khonde: mbande za tomato, maluwa, timitengo ta zipatso, ndipo zanthete kwambiri zinkakhala pansi pa shedi ya pulasitiki. Ababa anali atapita ndi wilibala kukatenga manyowa. Sindinavule n'komwe yunifolomu. Ndinatola chitini nambala 17, ndi mkwiyo wofuna kuona mizu ya nyemba yondiphetsayo, n'kuchikhuthulira pansi.

Mchenga unayoyoka. Pakati pake panatsala chibuma cha dothi lakuda, choumbika bwinobwino ngati chubu, mizu itachikulunga. Dothilo linali losakaniza ndi utuchi wowola. Ndinalidziwa ngati nkhope yanga, chifukwa ndinakula ndikulipakira m'machubu Loweruka lililonse.

Ndinangoti kakasi, chibumacho chili m'manja, mpaka ndinamva gudumu la wilibala likulira pachipata.

"Ababa, ichi n'chiyani?"

Anayang'ana, n'kupukuta thukuta ndi chipewa. Nkhope yawo inali ya munthu amene wagwidwa akuchita zabwino.

"Aa, wazindikira? Ndimati udzadziwe malikisi atatuluka."

"Mwatani, ababa?"

"Ndapakiza, basi. Tsiku lomwe unadzala lija, inenso ndinatapako nyemba zako zomwezo n'kudzala makumi awiri m'machubu kuseri. Munthu wodziwa ntchito sadzala popanda zopakizira. Ina ikafota ndimazula mamawa usanadzuke, n'kuikapo yamoyo ya msinkhu wake. Mchenga wakowo ndimautsukanso ndi madzi abwino. Madzi a m'mabotolo akowo ndinawalawa, mwanangu. Amene anakupatsa uja sakufunira zabwino."

"Ndinasungunula ndekha mcherewo! Zimayenera kufa!"

"Zimayenera kutani?"

"Kufa! Kufota! Ndi zomwe ndimayeza!"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Unadzala mbewu kuti zife?"

"Ndinakuuzani kuti musakhudze!"

"Unati ndisasunthe zitini. Sindinasunthe ngakhale chimodzi." Anatsitsa wilibala. "Iwe, tamvera. Sabata yoyamba ija kunabwera mayi wina kudzagula maluwa. Anaima apa pomwe waimapa, n'kuloza khonde, amvekere, 'Bambo a nazale, ngati pakhomo panu penipeni mbewu zikufa chonchi, nanga zomwe mukutigulitsazi zikakhala bwanji kwathu?' Anapita osagula. Zaka makumi atatu ndili pantchito imeneyi, mbewu sinandiferepo pakhomo. Ndiye ndinati, nanga mphunzitsi wake uti angapatse malikisi mwana wobwera ndi nyemba zakufa, pomwe bambo ake ndi a nazale?"

Ndinakhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira mokweza ngati kamwana. Ndinawauza zonse, za ndandanda, za ahedi, za Lachitatu. Ndinawauzanso mawu ena omwe sindikufuna kuwabwereza. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kwathu anadya ndi wamkulu ndipo m'mimba munkapota mwa ine. Zikanakhala kuti wandichita zimenezi ndi mnansi, ndikanamugenda ndi chitinicho. Koma khoswe anali atakhala pamkhate. Ndinkadziwa kuti chimwalirireni amayi, ababa sankatha kuona chinthu chikufota iwo ali pomwepo ndi manja awiri. Ndinkawakonda chifukwa cha zimenezo, ndipo tsiku limenelo ndinkadana nazo.

Anatola nyemba ija pansi, n'kuibwezera m'chitini mosamala, n'kutsendera mchenga ndi chala chachikulu.

Lachitatu anavala jekete lawo lakuda, n'kulongedza zitini zonse makumi awiri mu wilibala. Tinadutsa pachipata cha sukulu ana akuseka m'mawindo. Wina anakuwa kuti Azakhali abwera ndi dimba lonse. Ababa anaimika wilibala pakhomo la labu, n'kuvula chipewa, n'kufotokoza zonse ataimirira, osabisa kanthu.

A Umboni anamvetsera mpaka kumapeto, manja atapinda.

"Bambo, ndamva. Koma kholo lililonse likhoza kudzinamizira mlandu kuti lipulumutse mwana. Umboni uli kuti?"

Ndinatseka maso. Koma ababa sanakhumudwe. Funsolo analiona kuti n'loyenera.

"Mayi, musanakhudze chitini chilichonse, ndikuuzani zomwe ndinapakiza." Anatchula manambala khumi ndi limodzi osayang'ana n'komwe mu wilibala. "Mwa zimenezi, 17 ndi 19 ndinapakiza kawiri. Zotsalazo sindinazizule. Mukakhuthula zomwe ndatchulazi mupeza dothi lakuda. Zinazo mupeza mchenga wokha."

A Umboni analemba manambalawo pa bolodi, n'kuyala nyuzipepala pa tebulo. Anakhuthula okha, ndipo sanayambe ndi zomwe ababa anatchula. Anayamba ndi zomwe sanatchule. Zonse zisanu ndi zinayi zinali mchenga. Kenako zinazo, chimodzichimodzi, chibuma chakuda chikugwera pa nyuzipepala nthawi iliyonse. Pofika chomaliza m'manja mwawo munali bii, ndipo ndinaona ngati akufuna kuseka koma akudziletsa.

"Chabwino. Sunapeke," anatero akundiyang'ana. Mpweya unabwerera m'chifuwa, koma sunakhalitse. "Komabe manambala akowa ndi zinyalala. M'kafukufuku wako munkasintha zinthu ziwiri, mchere ndi bambo ako. Sindingapereke malikisi pa zimenezi, ndipo wopanda malikisi a kafukufuku salowa m'ndandanda."

"Madamu, chonde."

"Ndandanda ukupita Lachisanu la sabata ya mkuja. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Ukayambiranso lero, ukhoza kukwanitsa mothinana."

"Ndisungire muno mu labu, madamu. Ngakhale pansi pa sinki."

"Kuyambira Lolemba muno mukhala mokhoma, tikukonzekera mayeso. Zibwerera pakhonde pomwepo, kwa dokotala wa nyembayu." Anatembenukira kwa ababa. "Bambo, sindikuti zife, sindikuti zikhale. Zimenezo zinena ndi nyembazo. Ndikuti dzanja lina lisalowemo, ngakhale dontho la madzi ena. Tsiku lomaliza ndidzatchula zitini zoti abweretse, ndidzakhuthula, ndipo mchengawo ndidzaulawa. Ndikadzapeza kuti wasukuluka, sindidzafunsanso kuti wachita ndani."

Ababa anayang'ana zibuma zawo zili ngundangunda pa tebulo. "Ndamva, mayi," anatero ndi mawu otsika.

Tinayamba masana omwewo. Ndinkafuna kuwathamangitsa pakhonde, koma zinapezeka kuti ankadziwa zinthu zomwe buku silinanene. Anakhuthulira nyemba m'mbale n'kusankha makumi awiri zofanana kukula, akuti yaikulu imanyamuka ndi kamba wambiri ndipo ingandinamize. Anati ndiziviike kaye m'madzi kuti zimere msanga, tipulumutseko masiku awiri. Kenako analoza kumapeto kwa khonde.

"Uku dzuwa limafika msanga, limachokanso mochedwa. Ukaika mzere umodzi wonse kumeneku, sudziwa ngati yaupha ndi mchere kapena dzuwa."

Ndinachita manyazi, chifukwa ulendo woyamba mzere wa mchere wambiri ndinauika kumeneko. Ndinalemba manambala pa timapepala, n'kuika m'chipewa chawo, n'kuchita maere a malo a chitini chilichonse. Iwo ankatola, ine ndinkaika.

Koma kukhulupirira ndiye kunali kutandithera. Nyembazo zitamera, ndinamanga kaulusi kofiira pa tsinde la iliyonse, mfundo yake yodziwa ine ndekha. Ababa anandipeza ndikumanga. Anaima pang'ono kumbuyo kwanga, n'kuchoka, ndipo madzulo ake anadya pang'ono.

Tsiku lachinayi ndinayamba kuthira mchere. Pofika lachisanu ndi chiwiri, za magalamu makumi awiri zinayamba kupindika m'mphepete mwa masamba ngati zawauka ndi moto. Apa ndi pomwe ndinaona bambo anga akuzunzika. Kampando kawo komwe ankakhalira popakira dothi anakatembenuza kuti kafulatire khonde. Popita kumpopi ankazungulira kuseri kwa nyumba, ulendo wautali kawiri, kuti asadutse pafupi ndi zitinizo. Makasitomala sankalephera kufunsa. Mkulu wina wodzagula timitengo ta mandimu anaseka n'kuti, "Achimwene, izi ndiye zakukanikani?" "Ndi sukulu imeneyo," anatero ababa, n'kumukokera ku maluwa.

M'mawa wina ndinatuluka n'kuwapeza ataweramira chitini nambala 20, kheni yothirira mbewu ili m'manja. Ndinakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayankha.

"Ababa!"

Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuizondotsa kheniyo pamaso panga. Munalibe kanthu.

"Ndimangoiona," anatero. "Yatsala lero ndi mawa iyi."

Ndinapita kusukulu. M'kalasi sindinkamva kanthu. Ndinkangoona zitini, ndi manja a ababa, ndi ndandanda wopanda dzina langa. Ndinaonda m'masiku amenewo mpaka siketi inayamba kuzungulira yokha m'chiuno.

Panabukanso china. Chitini nambala 11, cha magalamu khumi, chinakana kutsatira anzake. Zinzake zitatu zinaima pa masentimita asanu ndi limodzi, masamba achikasu. Icho chinafika khumi, chili biriwiri. Ulusi wofiira unalipo, mfundo inali yanga, koma mfundo munthu wa zala ngati za ababa angalephere kuimasula n'kuimanganso? Ndinapirira masiku awiri, lachitatu ndinafunsa.

"Ababa, 11 mwaitani?"

Anali akupakira dothi m'machubu. Zala zinaima.

"Ndinalonjeza pamaso pa aphunzitsi ako."

"Ndikungofunsa. Ngati munathirako pang'ono, ndiuzeni ndidziwiretu."

"Ndakuyankha," anatero, n'kupitiriza kupakira. Sanandiyang'anenso tsiku lonse.

Ndinalingalira zochichotsa chitinicho pa avereji, kapena kuchilembera sikisi ngati zinzake. Mnzanga uja akanatero osaphethira. Ndinagwira labala kangapo. Koma ndinali nditaona kale momwe a Umboni amakhuthulira zitini, ndipo kukhuthula kunali kosatheka kwa ine chifukwa ndikanaipha nyembayo nthawi isanakwane. Ndinalemba khumi, n'kuzunguliza ndi pensulo.

Lachiwiri la sabata yomaliza, kutatsala masiku atatu, tili m'kati mwa phunziro la masamu kunja kunada ngati chikutuluka chilombo. Sinali nyengo yoti tiziyembekezera mvula. Mphepo inamenyetsa mawindo, kenako padenga panayamba kulira ngati akuthira miyala. Anali matalala. Ana anakuwa mosangalala. Ine ndinakumbukira zitini zanga. Khonde lathu linali lalifupi, loyang'ana kumsewu, ndipo mvula ya mphepo inkalowa mpaka pachitseko. Mphindi khumi zokha zinali zokwanira kutsuka mchere wonse m'zitini zija.

Sindinapemphe n'komwe chilolezo. Ndinasiya chikwama pa desiki n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Matalala ankandimenya m'mutu, nsapato imodzi inatsalira m'ngalande, sindinaibwerere. Ndinkapemphera mokweza mumsewu, mapemphero osalongosoka, oti Mulungu aletse madzi kufika pa mbewu. Sindikudziwa ngati pali mwana wa mlimi wina anapempherapo zotero.

Nditakhota pachipata ndinaona shedi ya nazale ili mitengo yokhayokha. Pulasitiki yake yonse inali itachoka. Pansi pake mbande za tomato, mazanamazana, zomwe ababa anazilera masabata anayi ndipo zinali zoti anthu adzatenge Loweruka, zinali zitaphwanyika n'kusanduka phala lobiriwira. Ndinaganiza kuti pulasitikiyo yauluka ndi mphepo.

Sinauluke. Inali itakhomedwa ndi misomali kutsogolo kwa khonde, kuchokera kudenga mpaka pansi. Ngodya imodzi inali itang'ambika pamsomali, ndipo ababa anali ataima kunja kwake pamvula, manja onse awiri m'mwamba, ataikanikiza kukhoma ndi chifuwa. Chipewa chinali chitapita. Pamphumi pawo pankatuluka magazi pang'ono pomwe talala linawatema.

Ndinakwawira m'kati. Simenti inali youma. Zitini zonse makumi awiri zinali m'malo mwake, mchenga uli gwa, timiyala ta mchere tikuoneka toyera pamwamba.

"Zili bwanji?" anakuwa ali kunjako.

"Zouma, ababa!"

"Silinalowe dontho?"

"Ngakhale limodzi!"

"Eya," ndinawamva akutero kuseri kwa pulasitiki. "Zikufa bwinobwino, mwanangu. Usade nkhawa."

Ndinatuluka n'kukagwira nawo ngodyayo mpaka mvula inakata. Titaisiya, anayenda kupita ku shedi, n'kuima pakati pa mbande zawo. Anatola kamodzi, kothyoka pakati, n'kukaponya pansi.

Lachinayi madzulo ndinayeza komaliza. Za madzi okha zinafika avereji ya masentimita khumi ndi asanu ndi atatu. Za magalamu asanu, khumi ndi atatu. Za magalamu khumi, asanu ndi awiri, chifukwa 11 inakokera avereji m'mwamba. Za khumi ndi asanu zinaima pa anayi, ziwiri zitafa. Za makumi awiri zinafa zonse zisanapitirire masentimita atatu, ndipo ndinalemba tsiku lomwe iliyonse inagwa. Ndinajambula galafu pa pepala la timabokosi, mchere pa mzere wogona, msinkhu pa mzere woimirira. Unatsetsereka, ngakhale kuti pakati unapindika pang'ono. Pansi pake ndinalemba kuti chitini nambala 11 chinakula mosiyana ndi zinzake ndipo sindikudziwa chifukwa chake.

A Umboni anali atandipatsa manambala a zitini zoti ndibweretse: 2, 7, 14 ndi 18. Ataona kope langa Lachinayi m'mawa anawonjezera 11. Lachisanu ndinazinyamula m'katoni. Potuluka ndinauza ababa kuti zotsalazo asazikhudze mpaka nditabwera, mwina a Umboni angazifunenso. Anangogwedeza mutu.

Mu labu munali mutayalidwa kale zipangizo za mayeso, choncho anakhuthulira pa nyuzipepala pakhomo. Zinayi zoyamba zinali mchenga. Anatapa pang'ono wa 18 n'kuika pa lilime, nkhope n'kukwinyika, n'kulavulira m'maluwa. Kenako ananyamula 11.

"Ichi ukuti sukudziwa?"

"Sindikudziwa, madamu."

"Ukuwakayikira bambo ako?"

Ndinazyolika. "Ndinawafunsa. Anakana."

A Umboni anachitembenuza. Mchenga unayoyoka wonse mpaka m'manja mwawo munatsala nyemba yokha, mizu yoyera ili lende, ulusi wofiira uli pa tsinde. Dothi lakuda munalibe. Analawa mchengawo, n'kulavulanso.

"Mchere ulimo wokwanira. Nyemba zina zimangokhala zouma mutu, n'chifukwa chake timadzala zinayi osati imodzi." Anapukuta manja pa nyuzipepala. "Galafu yowongoka kwambiri ndimaiopa. Yakoyi ndi ya munthu amene anagwada ndi rula."

Anatulutsa ndandanda mu envulopu, n'kuusanjika pa bondo, n'kulemba dzina langa pansi penipeni, pa mzere womaliza. Ndinaliwerenga katatu kuti ndione ngati silikufufutika. Ndinathokoza, koma chimwemwe chinabwera chosakanikirana ndi manyazi, chifukwa munthu amene ndinamukayikira uja anali atanena zoona.

Kunyumba ndinapeza ababa atakhala m'mphepete mwa khonde, moyang'anizana ndi zitini khumi ndi zisanu zotsalazo. Kuseri kwawo shedi inali ikadali mitengo yokha, ndipo machubu a tomato anali atakhuthulidwa kale pamulu. Pafupi ndi mapazi awo panali kheni yodzaza mpaka pakamwa. Kaya anaitunga nthawi yanji, koma pamwamba pa madziwo panali patagwera kale fumbi.

"Alemba?"

"Alemba, ababa. Ndipo 11 ija munali mchenga wokha. Pepani."

Anapuma mpweya wautali, n'kuyang'ana zitinizo.

"Ndiye tsopano ndingathirire?"

"Thirirani."

Ananyamuka mawondo akulira, n'kunyamula kheni. Anadutsa zobiriwira zonse n'kukayambira pa nambala 20, pomwe panangotsala kamtengo kouma kopyapyala ngati ndodo ya machesi.

"Ababa, imeneyo inafa sabata yatha."

"Ndikudziwa," anatero.

Anathira pang'onopang'ono mpaka madzi anayamba kutulukira m'mabowo a pansi pa chitini n'kuyenderera pa simenti, kenako anasunthira pa 19.